Cifukwa Cake Magazi Amaleka Kutuluka

Ife a ku Tsangano ndi ku Macanga sitisiyana ndi zitsulo. Timakumba mbatata ndi khasu, timamweta tirigu ndi cikwakwa, timadula nkhuni ndi nkhwangwa. Palibe mlimi wopanda cipsera. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana ngati malita 5 okha. Akadamatuluka osaleka, kabala kakang'ono kakadatipha. Nanga amawaletsa ndani?

Tiganize za ngalande yopita kudimba. Ikagumuka, timayamba kuikapo udzu, kenaka timamata dothi. Thupi limacitanso cimodzimodzi.

Tikatemeka, mtsempha umafinyika kuti magazi acepe. Kenaka pamabwera tizidutswa ta m'magazi tochedwa mapulateleti. Timapangidwa m'kati mwa mafupa, ndipo timakhala masiku 7 mpaka 10. Tikafika pabala timamatirirana. Umenewu ndiwo udzu uja. Pambuyo pake pamalukika ulusi wochedwa fibrin, wonga ukonde. Ukondewo umakola magazi, ndipo amaundana. Akauma timati nkhanambo.

Zopangira ulusi umenewu zimacokera m'ciwindi, ndipo ciwindi cimafuna vitamini K. Mu 1929 Henrik Dam wa ku Denmark anaona kuti anapiye osowa cakudya cina anali kucuca magazi. Umo ndimo vitaminiyu anadziwikira. Ife tili naye pafupi, mu nkhwani, bonongwe, mpiru ndi kabici. Koma khanda limabadwa naye wocepa. N'cifukwa cake kucipatala amalibaya jekeseni wa vitamini K.

Tsono mlimi akatseka ngalande yonse, mbatata zimauma. Thupi limadziwa malire. M'magazi muli mankhwala oletsa kuundana kuti kusapitirire pabala. Bala likapola, mankhwala ena ochedwa plasmin amasungunula ukonde uja, njira n'kutseguka. Msundu wa m'dambo uli ndi mankhwala oletsa kuundana m'malovu ake. Paja ukatiluma magazi amacedwa kuleka.

Nthawi zina magazi amaundana posayenera, m'kati mwa mtsempha wa mwendo. Zimenezi zimagwera makamaka wodwala amene wagona masiku ambiri, mai wapakati, ndi wosuta fodya. Mwendo umodzi umatupa, umapweteka, umatentha. Tisausisite. Cibulumwa ca magazi cingathe kucoka n'kukatseka m'mapapo, munthu n'kufa. Timunyamule tipite naye kucipatala.

Mnzathu akatemeka kumunda, tithandize thupi pa nchito yake. Titenge nsalu yoyera, tikanikize pabala mphindi 10 osasuzumira. Kusuzumira kumang'amba ukonde. Tisaikepo dothi kapena ndowe, cifukwa zimabweretsa kafumbata.

Ngozi yaikulu ili pa amai athu. Mai akabereka, cibaliro ciyenera kufinyika kuti citseke mitsempha. Cikapanda kutero, ukonde paokha sungathe. Mai akataya magazi opitirira theka la lita ali pangozi, ndipo pa maola ocepa angatisiye. Midzi yathu ili kutali ndi Furancungo ndi Tsangano, ndipo m'dzinja miseu imabvuta. Conco tikonzeretu ulendo mwezi usanakwane, kuti mai akaberekere kucipatala. Imeneyi ndi nchito ya mudzi wonse.

Mafunso
1. Kodi ulusi wotseka bala umachedwa ciani?
2. Chulani ndiwo zitatu zokhala ndi vitamini K.
3. Pamudzi panu mwakonza zotani za mai wapakati?