ULENDO WA KU CHITUNGWIZA, MZINDA WOGONAMO

Alimi anzanga, m'mwezi wa Sepitembala chaka cha 2024 ndinapita ku Zimbabwe ku mwambo woika chiliza pa manda a malume awo a mayi anga. Iwo anachoka kuno mu 1958 kukafuna ntchito, dziko lija likadatchedwa Southern Rhodesia, ndipo sanabwererenso. Ana ndi zidzukulu zawo amakhala ku Chitungwiza. Zimene ndinaona kumeneko ndafuna ndikufotokozereni, makamaka inu amene minda yanu yayandikana ndi tauni.

Tinakwera basi ku Blantyre m'mamawa, tinadutsa Mwanza, tinaoloka Zambezi pa Tete, ndi kulowa Zimbabwe pa chipata cha Nyamapanda. Ku Harare tinafika usiku. Kutacha mdzukulu wa malemuwo anadzanditenga, nati, "Achimwene, musati mwafika. Kuno timangogwirako ntchito, kwathu n'kutsogolo." Tsono tinakwera minibasi, imene iwo amaitcha kombi, kulowera kumwera pa msewu wa Seke. Titayenda makilomita pafupifupi 20 tinaoloka mtsinje wa Manyame, ndipo apo m'pamene Chitungwiza wayambira.

Malowa si mudzi ayi. Pa kalembera wa 2022 anapezamo anthu oposa 370,000, kotero kuti m'dziko lonselo amaposedwa ndi Harare ndi Bulawayo basi. Koma chiyambi chake n'chachilendo. Masiku a ulamuliro wa Azungu, malamulo a za malo sanali kulola anthu akuda kukhala m'madera a Azungu mu Salisbury, amene anasinthidwa dzina kukhala Harare mu 1982. Azunguwo ankafuna manja a antchito masana, koma usiku ankafuna antchitowo akagone kutali. Choncho anawamangira nyumba kutsidya la mtsinje, ku St Mary's, ku Zengeza ndi ku Seke. Mu 1978 madera atatuwa anaphatikizidwa nakhala Chitungwiza. Nyumba anamanga zambiri, koma mafakitale ndi maofesi ambiri anatsala ku Harare.

Chifukwa cha ichi moyo wa kumeneko uli pa msewu. Tsiku lina ndinadzuka tambala woyamba atangolira kuti ndiperekeze mbale wanga uja. Pa siteji ya Makoni tinapeza anthu ali kale pa mzere, amayi ndi madengu a tomato, anyamata ndi zikwama za zipangizo, ana a sukulu atavala mayunifomu. Oitanira, amene kumeneko amawatcha mahwindi, amapanikiza anthu anayi pa mpando wa anthu atatu. Ife tinalipira dola imodzi ya ku America aliyense, koma madzulo pobwerera mtengo unali utakwera chifukwa okwera anachuluka. Kuyambira zaka za m'ma 1980 kwakhala kukukambidwa zomanga njanji yolumikiza Chitungwiza ndi Harare, koma ine njanjiyo sindinaipeze. Mu 2020, nthawi ya matenda a Covid-19, Boma linaletsa makombi a anthu wamba kupatula amene analowa pansi pa kampani ya mabasi ya Boma ya ZUPCO, ndipo lamulolo linachotsedwa mu 2022. Ndinawerengera kuti mbale wanga amatha maola atatu kapena anayi tsiku lililonse pa kudikira ndi kuyenda. Inu mukudziwa kukula kwa ndime imene munthu angapalire m'maola anayi.

Chinthu chachiwiri ndi madzi. Chitungwiza alibe damu lakelake. Amagula madzi kwa khonsolo ya Harare, ochokera makamaka ku malo oyeretsera madzi a Prince Edward, amene amatunga m'madamu aang'ono a Seke ndi Harava. Chaka cha 2024 chinali cha ng'amba, monga mukukumbukira kuti kunonso mbewu zinapserera m'maboma ambiri, ndipo madamuwo anaphwa. Pa nyumba imene ndinafikira mpopi unalipo, koma m'sabata yonse sunadonthe. Atsikana ankapita ku mjigo kusanache, ndipo amene ali ndi ndalama ankagula madzi kwa ogulitsa. Musaiyese nkhani yaing'ono. Kolera wamkulu wa mu 2008 anayambira ku Chitungwiza komweku m'mwezi wa Ogasiti, nafalikira dziko lonse, ndipo pofika 2009 anali atapha anthu oposa 4,000.

Ine monga mlangizi maso anga anali pa nthaka. Anthu a kumeneko sanaiwale khasu. M'mbali mwa misewu ndi pansi pa mawaya a magetsi ndinaona mizere ndi mapesi a chimanga, ndipo kuseri kwa nyumba kuli timadimba ta ndiwo zamasamba. Koma ndinamva chisoni poona nyumba za njerwa zomangidwa pakati pa madambo. Dambo ndi nkhokwe ya madzi: limamwa mvula m'dzinja ndi kuitulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Mukalikwirira ndi simenti, m'dzinja madzi amalowa m'nyumba, m'chilimwe zitsime zimauma. Ambiri anagula malo otere kwa anthu amene analibe mphamvu yogulitsa, ndipo nyumba zina zinagwetsedwa, ndalama za eni ake n'kupita pachabe.

Kodi nanga amayendetsa mzindawu ndani? Uli ndi khonsolo yakeyake ya mawodi 25. Wodi iliyonse imasankha khansala, ndipo makhansalawo amasankha meya pakati pawo. Kwa zaka zambiri kuchokera mu 2000 anthu a kumeneko akhala akusankha makamaka a zipani zotsutsa, pamene unduna woyang'anira makhonsolo uli m'manja mwa chipani cholamula cha ZANU-PF. Tsono chinthu chikalakwika, aliyense amaloza mnzake chala. Khonsolo imati anthu salipira msonkho, anthu amati sangalipire madzi amene sakuwaona. Mu 2013, chisankho chili pafupi, nduna inalamula makhonsolo onse kufafaniza ngongole za anthu. Anthu anakondwa, koma mapaipi sakonzedwa ndi chikondwerero. Komabe ndinaona chinthu chabwino. Eni nyumba ali ndi mabungwe awo, ndipo pa msonkhano wina umene ndinakhalapo amayi okalamba anaimirira n'kufunsa khansala za zinyalala ndi za mjigo mosaopa, iye n'kumayankha mwaulemu.

Abale athu ochokera ku Malawi mawu awo pa zinthu izi anachedwa kumveka. Ngakhale anabadwira komweko, ambiri analembedwa pa ziphaso zawo kuti ndi alendo, ndipo lamulo la unzika la mu 2001 linachititsa ambiri kulephera kuvota. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndi amene anati wobadwira mu Zimbabwe, kholo lake lili la dziko la m'bungwe la SADC monga Malawi, ndi nzika. Pa manda paja achikulire anayankhula Chinyanja chomveka bwino, achinyamata akusakaniza ndi Chishona. Gogo wina anandigwira dzanja nandifunsa, "Mwanangu, kodi munda wa kwathu ukadalipo?" Ndinati ulipo, ndipo tikulima. Anangogwedeza mutu.

Tsono alimi anzanga, pobwerera ndinali kuganiza za malo onga Lunzu, Mpemba, Lumbadzi ndi Nathenje, kumene minda ikusanduka mapuloti chaka ndi chaka, anthu n'kumagona kumeneko koma ntchito akugwira ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Tauni ikafika pa mudzi wanu musathamangire kugulitsa. Yambani mwafunsa kuti madzi a anthu onsewo adzachokera kuti, msewu udzadutsa pati, ndipo msika ndi sukulu zidzakhala pati. Mafumu ndi makomiti a chitukuko akanize kumanga m'dambo. Pa misonkhano ya khonsolo pitani, ndipo khansala wanu mumufunse. Kumanga nyumba n'kosavuta, koma kupezera madzi anthu amene anamanga kale n'kovuta ndithu. Ndinaziona ndi maso anga.

Ine wanu,
Mlangizi wa Zaulimi