Zimbale Zitatu za Womasulira Mawu

Mu mzinda wa Zomba muli mkulu wina amene anagwira ntchito yomasulira mawu m'makhoti kwa zaka zoposa 30 asanapume. Tsiku lililonse la ntchito ankaima pakati pa woweruza ndi mboni, kunyamula mawu kuchoka m'Chichewa kupita m'Chingerezi ndi kuwabwezanso, akudziwa kuti liwu limodzi likatayika panjira munthu wosalakwa atha kukagona kundende. Anthu amene amamudziwa ngati munthu wosamala mawu chotere amadabwa akamupeza madzulo atatsamira pampando, atatsinzina, akumvera nyimbo zimene ngakhale eni ake Chingerezi satola chimene zikunena. Malemu mkazi wake ankazitcha nyimbo za azungu odwala chimfine.

Zimbale zake zapamtima zilipo zitatu, ndipo zonse ndi za mtundu umene ku Britain ndi ku America amautcha indie. Poyamba dzinali silinkanena za kamvekedwe ka nyimbo ayi, linkanena za malonda: oimba amene zimbale zawo zinkatulutsidwa ndi timakampani todziimira patokha, monga Rough Trade, imene Geoff Travis anaiyamba ngati sitolo ku London mu 1976. Kampani yaikulu ikathira ndalama zambiri pachimbale imafuna nyimbo imene wailesi iliyonse ingaulutse ndipo aliyense angaimbe akuchapa. Kampani yaing'ono, popeza yaikapo zochepa, imamusiya woimba kuchita zachilendo. Ufulu woimba mosamveka unabadwira muumphawi umenewu.

Chimbale choyamba anachipeza ku Glasgow chakumapeto kwa 1990, atatumizidwa kukachita maphunziro a miyezi yowerengeka. Tsiku lina mvula itamupanikiza anausa m'sitolo yogulitsa makaseti, ndipo mmenemo munkamveka liwu la mkazi likuuluka pamwamba pa magitala olira ngati mabelu omira m'madzi. Mwa chizolowezi cha ntchito yake anatchera khutu kuti amasulire. Anatola liwu limodzi, lachiwiri linamupulumuka, lachitatu linayamba ngati Chingerezi n'kuthera kwina. Anachita manyazi, poganiza kuti Chingerezi chake chamuthera. Atafunsa mnyamata wogulitsa, uja anaseka n'kumuuza kuti iyenso, wobadwira komweko, samvapo kanthu.

Chinali Heaven or Las Vegas cha gulu la Cocteau Twins, chimene kampani ya 4AD inatulutsa mu September chaka chomwecho ndipo chinafika pa nambala 7 pamndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku Britain. Gululi linayambira ku Grangemouth, tauni ya ku Scotland imene inali ndi fakitale yoyenga mafuta mpaka mu 2025. Woimba wake, Elizabeth Fraser, ankasankha mawu chifukwa cha kukoma kwake m'kamwa, ena akuwatola m'mabuku a ziyankhulo zimene sankazidziwa, ena akuwadula pakati ndi kuwalumikiza ndi anzake. Komabe munthu womvera chimbalechi sasokera pa zimene chikunena. Fraser ndi Robin Guthrie, woimba gitala, anali atangobereka mwana wamkazi mu 1989. Bambo wa Simon Raymonde, mnzawo wachitatu, anamwalira ntchito yojambula ili mkati. Chikuta ndi maliro zili m'chimbale chimodzi, ndipo zonse ziwiri zimamveka. Nyimbo yoyamba, "Cherry-coloured Funk", imatsika pansi ngati mayi wotonthoza khanda kenako n'kukwera mwadzidzidzi. Yotsiriza, "Frou-frou Foxes in Midsummer Fires", imayamba ndi piyano yoyenda mwakachetechete ngati anthu obwera kumanda.

Mwina khutu la Mchewa linafika ku Glasgow litakonzeka kale. M'Chichewa kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasiyanitsa matanthauzo: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana, koma mwana wazaka 5 sawasokoneza akawamva. Kulinso mvekero, mawu ngati phee, psuu, mbuu ndi balala, amene katswiri wa ziyankhulo Clement Doke anawafotokoza mu 1935, ndipo ndi mawu amene amajambula chinthu ndi kamvekedwe kawo. Ndipo amene anagonako pamaliro amadziwa kuti mayi wobuma m'nyumba ya siwa amamveka ngakhale kwa mlendo amene sakutola dzina limene akulitchula.

Chimbale chachiwiri anachigula chogwiritsidwa kale ntchito, atatsala pang'ono kubwerera kwawo. Murmur, chimbale choyamba cha gulu la R.E.M. la ku Athens m'chigawo cha Georgia ku America, chinatuluka mu 1983 pansi pa kampani ya I.R.S. Dzina lake lomwe limatanthauza kung'ung'udza. Michael Stipe ankaimba ngati munthu woyankhula m'chipinda chinzake chitseko chili chotseka, liwu lake litamizidwa pakati pa gitala ya Peter Buck ndi besi ya Mike Mills, ndipo gululi silinasindikize mawu a nyimbo pachikuto. Magazini ya Rolling Stone inachisankha kukhala chimbale chopambana cha chaka chimenecho, pamwamba pa Thriller cha Michael Jackson. Apa, kusiyana ndi kwa Fraser, mawu ndi a Chingerezi ndithu, koma amafika theka, ndipo theka linalo womvera amadzaza yekha. Angerezi ali ndi dzina la kumva molakwika koteroko, mondegreen, limene wolemba Sylvia Wright anapeka mu 1954. Mkuluyu ali ndi "Perfect Circle" yakeyake, ya mawu amene anadziikira m'chipinda chozizira cha ku Glasgow akulakalaka kwawo, ndipo sanafunepo kuiyerekeza ndi ya Stipe.

R.E.M. inasamukira ku kampani yaikulu ya Warner mu 1988, mawu a Stipe anayamba kumveka bwino, ndipo dziko lonse linaimba nawo "Everybody Hurts" ya mu 1992. Ndi nyimbo yabwino, yotonthoza anthu ambiri. Koma imauza munthu chimene ayenera kumva mumtima, pamene Murmur inkamusiyira malo. Gululi linatha mu 2011; mkuluyu anali atalisiya kale.

Anabwera ndi makaseti awiriwa mu 1991, nthawi imene nyimbo inkatha kuletsedwa m'dziko chifukwa cha liwu limodzi, monga inaletsedwera "Cecilia" ya Simon ndi Garfunkel. Ankaseka yekha poganiza kuti Fraser palibe akanamuletsa, pakuti woletsayo akanayamba wamva kaye.

Koma chimene zimbalezi zinamuchita chinaonekera kukhoti. Panali mlandu wa mayi wamasiye amene abale a mwamuna wake anamulanda katundu yense iye ali kumudzi kokaika maliro. Woweruza anafuna kudziwa chimene anapeza pobwerera.

"Mayi, uzani khoti zimene munaona mutafika pakhomo," anatero womasulira.

Mayiyo anayang'ana pansi. "Ndinatsegula chitseko, bambo. M'nyumba muli ziiii."

Liwulo analikoka mpaka mpweya unamuthera. Womasulira anatembenukira kwa woweruza n'kunena m'Chingerezi kuti m'nyumbamo munalibe kanthu. Woweruza analemba. Kumasulirako kunali kolondola, ndipo palibe loya akanakutsutsa. Koma madzulo ake, kaseti ya Cocteau Twins ikuzungulira, anazindikira kuti iyenso wamulanda mayi uja. M'liwu lija munali mipando yosowa, munalinso kuzizira kwa phulusa la pamoto, kusowa kwa mwamuna amene ankatsokomola m'chipinda, ndi ana amene sanathamangire kudzamulandira. Zonsezi zinathera pakamwa pa womasulira, ndipo m'buku la khoti munalowa nkhani ya katundu yokha.

Kuyambira pamenepo anasintha kagwiridwe ka ntchito. Mboni ikagwiritsa ntchito mvekero ankayamba wabwereza liwulo monga lanenedwera, ndi utali wake womwe, kenako n'kupempha kuti alifotokoze ndi ziganizo ziwiri kapena zitatu. Oweruza ena ankaleza mtima. Ena ankamukumbutsa kuti milandu ndi yambiri ndipo iye si wandakatulo. Mmodzi anamufunsa ngati akumasulira kapena akuikira kumbuyo mboni, funso limene linamusowetsa tulo, chifukwa womasulira amalumbira kuti sadzawonjezera kanthu. Mpaka lero sanatsimikize kuti malire ali pati. Chimene amakana ndi choti kuchotsa kamvekedwe n'kusatenga mbali.

Chimbale chachitatu chinabwera papositi mu 2000, kuchokera kwa mnzake wa ku Wales amene anaphunzira naye. Chinali Mwng cha gulu la Super Furry Animals; dzinalo limatanthauza ubweya wautali wa pakhosi pa hatchi. Kampani yawo yakale, Creation, inali itangotsekedwa, ndipo iwo anachitulutsa okha pansi pa dzina la Placid Casual atachijambula ndi mapaundi pafupifupi 6,000. Nyimbo zake zonse ndi za m'chiyankhulo cha Welsh, chimene oyankhula ake ku Wales sankafika 600,000, komabe chinafika pa nambala 11 ku Britain konse, ndipo phungu Elfyn Llwyd anachiyamikira m'nyumba ya malamulo ku Westminster.

Kusamveka kwa chimbalechi ndi kwa mtundu wina. Gruff Rhys sabisa mawu. Amawatchula bwinobwino, pamodzi ndi liwu lija lolembedwa ll, lotuluka m'mbali mwa lilime ngati hl wa Chizulu. Amene sakumva ndi womvera, ndipo vuto ndi lake. Kwa nthawi yoyamba mkuluyu anakhala pamalo pa woweruza wosadziwa chiyankhulo cha mboni, opanda womumasulira. Mnzake uja analemba m'kalata kuti malamulo a m'nthawi ya Henry VIII, a mu 1536, anakhazikitsa Chingerezi kukhala chiyankhulo chokhacho cha makhoti a ku Wales, ndipo panapita zaka zoposa 400 lamulo la mu 1993 lisanaike ziyankhulo ziwirizi pamlingo umodzi. Anawerenga kalatayo m'mawa, n'kupita kuntchito kokathandiza Achewa atatu, woweruza, wodandaula ndi woimbidwa mlandu, kumvana kudzera m'Chingerezi.

Pa zitatuzi, Mwng ndi chimene amachilemekeza kwambiri koma amachimvera kamodzikamodzi. Murmur ndi cha masiku a mvula. Heaven or Las Vegas ndi chimene anachiika usiku umene anabwera kuchokera koika mkazi wake, anthu onse atabalalika, ndipo anachimvera mpaka kumapeto kawiri.

Tsopano makutu ake ayamba kugontha. Ukalamba umayamba kulanda mawu okwera kwambiri, kotero malembo ngati s, f, t ndi k ndi amene amasowa poyamba, malembo a liwu n'kutsala. Kutchalitchi, kumsika, ngakhale pakhonde pake, anthu onse akuyankhula ngati Michael Stipe wa mu 1983. Amatola theka, theka linalo n'kudzaza yekha kuchokera ku kukwera ndi kutsika kwa liwu, ndipo nthawi zambiri salakwitsa.

Makaseti aja anatafunidwa kalekale ndi wailesi. Mdzukulu wake wamkazi, amene anakumana ndi Cocteau Twins payekha pa intaneti monga achinyamata ambiri a masiku ano, ndi amene amamuikira nyimbozi pafoni akabwera kutchuthi. Tsiku lina, "Iceblink Luck" ili mkati, mtsikanayo anapeza tsamba limene anthu okonda gululi analembapo mawu amene amaganiza kuti Fraser akuimba.

"Agogo, mawu ake ndawapeza. Ndikuwerengereni?"

Mkuluyu anaona milomo ikugwedezeka ndi foni itatukulidwa, ndipo anamva liwu likukwera kumapeto. Anapukusa mutu, n'kuloza foniyo ndi chala kuti mwanayo aibwezere poyambira.