Bulu wa m'nyanja amene amalume ananditumizira

Mwezi wa Julayi chaka chatha ndinali pa holide kumudzi kwathu kwa Mavwere, ku Mchinji. Madzulo ena tili pamphasa tikuswa mtedza ndi agogo aakazi, foni yanga inalira. Anali amalume a ku Joni, atumiza kavidiyo pa WhatsApp. Kwathu aliyense amene anapita ku South Africa timati ali ku Joni, koma amalumewa Johannesburg anangoidutsa pa basi. Amakhala ku Cape Town, ndipo amasamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za ku Simon's Town. Netiweki ya kumudzi mukuidziwa, kavidiyoko kanachedwa kutseguka. Katatseguka, chithunzi chisanaoneke n'komwe, kunamveka kulira kwa mawu osasa. Agogo anaimitsa dzanja m'lichero n'kufunsa kuti, "Kodi mwana wanga wagula bulu kumeneko?"

Sanali bulu. Kanali kambalame kakuda kumsana, koyera pamimba, kataima chilili pansi pa maluwa, kataloza mlomo kumwamba kakulira. Ine mwana wa ku yunivesite ndinafulumira kuonetsa sukulu. Ndinati, "Agogo, iyi ndi pengwini, mbalame ya kumalo oundana. Amalume angoitenga pa intaneti, ku Africa kuno kulibe." Ndinawalemberanso amalume mawu omwewo. Iwo anangoyankha ndi uthenga wa mawu akuseka: "Mphwanga, ndiye dzulo ndathamangitsa chiyani pansi pa galimoto ya abwana?"

Manyazi anandigwira, ndipo usiku umenewo bandulo yanga inathera pa pengwini. Mitundu ya mbalamezi ilipo pafupifupi 18, ndipo yochepa chabe ndi imene imakhala ku Antarctica. Ina imakhala ku zilumba za Galápagos, kumene dzuwa limaswa mtengo. Ya amalumeyi imapezeka m'mbali mwa nyanja ku South Africa ndi ku Namibia basi, ndipo dzina lake lakale m'Chingerezi limachokera ku bulu chifukwa cha kaliridwe komweko. Ndiye kuti agogo, amene sanapondeko m'kalasi, anayandikira yankho kuposa ine. Ku gombe la Boulders, ku Simon's Town komweko, mbalamezi zinayamba kukhazikika cha m'ma 1982, ndipo lero alendo amalipira pageti kuti akazione. Amalume salipira. Zimawapeza okha pantchito, moti m'misewu ya kumeneko muli zikwangwani zouza madalaivala kuti aziyang'ana pansi pa galimoto asanailize.

Thupi lake ndi la mbalame imene inasiya mlengalenga n'kusankha madzi. Kutalika kwake ndi masentimita 60 kapena kuposerako pang'ono, kulemera kwake makilogalamu atatu kapena kucheperako, ngati tambala wonenepa. Mapiko ake ndi olimba ngati nkhafi, mafupa ake ndi olemera kuti izitha kumira. Kuda kwa kumsana kumaibisa kwa mdani woiyang'ana kuchokera pamwamba, kuyera kwa pamimba kumaibisa kwa woiyang'ana kuchokera pansi. Imameza madzi amchere popanda vuto, chifukwa pamwamba pa maso ili ndi tiziwalo tosefa mchere, umene imautaya kudzera m'mphuno. Pomwepo palinso kachikopa kofiirira kopanda nthenga. Kukatentha magazi amathamangira pamenepo kuti azizire, ndipo kachikopako kamafiira kwambiri. Timadontho takuda ta pachifuwa n'tosiyana pa mbalame iliyonse, ngati zidindo za zala zathu. Yaikazi imaikira mazira awiri, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimasinthana kufungatira kwa masiku pafupifupi 40. Agogo atamva zimenezi anati atambala a kwathu apite akaphunzire.

Koma chimene chandilembetsa nkhaniyi ndi chithunzi china chimene amalume anatumiza mu Disembala. Mbalame zija zinali zitangoima pamiyala, nthenga zili nyankhalala ngati nkhuku za chitopa. Ndinaganiza kuti zadwala. Ayi, zinali kusintha nthenga. Nkhuku imathothoka nthenga pang'onopang'ono n'kumapitiriza kupalasa. Pengwini singachite zimenezo, chifukwa nthenga zake ndizo zimaitchinga ku madzi ozizira a m'nyanja, ndipo chovala chobooka sichingaithandize. Choncho kamodzi pachaka imathothoka thupi lonse nthawi imodzi. Kwa masabata pafupifupi atatu siilowa m'madzi, ndiye kuti siidya kanthu. Imangoima pamtunda, kudya mafuta a m'thupi mwake, ndipo pomaliza imakhala itataya pafupifupi theka la kulemera kwake. Kuti ipulumuke, iyenera kuti inadya mokwanira masabata a m'mbuyomo n'kunenepa. Ikalowa m'nyengoyi ili yowonda, nthenga zatsopano zimamera mwini wake alibenso mphamvu zosakira nsomba.

Nditawafotokozera agogo pa Khirisimasi, anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye Febuluwale wake ameneyo. Nkhokwe yake ndi mimba." Palibe buku limene linandifotokozera bwino chotere. Munthu wa kwa Mavwere amadziwa kuti njala ya mu Febuluwale siyambira mu Febuluwale. Imayambira mu Meyi, pamene ukuwerenga ngolo zimene zalowa m'nkhokwe, kapena mu Juni pamene wagulitsa chimanga kwa mavenda pamtengo wolira chifukwa mwana akufunika fizi.

Nkhokwe ya pengwini ikuphwa. Chakudya chake chachikulu ndi tinsomba ting'onoting'ono ta m'nyanja yamchere, sardine ndi anchovy, tofanana ndi usipa wathu. Tinsombati tachepa kumadzulo kwa South Africa, tina tasamukira kum'mawa chifukwa cha kusintha kwa madzi, ndipo totsalato timalimbiranidwa ndi zombo zikuluzikulu za makampani. Sardine amaikidwa m'zitini, anchovy wambiri amagayidwa kukhala chakudya cha ziweto. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mbalamezi zinalipo mamiliyoni. Lero ku South Africa mabanja oswana sakufika 10,000, ndipo mu Okutobala 2024 bungwe la IUCN linaika mtunduwu pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Mavuto ake anayamba kale, ndipo chiyambi chake chinandikhudza ngati mwana wa mlimi. Pa zilumba zimene mbalame za m'nyanja zakhala zikuswerana kwa zaka zikwi zambiri, zitosi zinaunjikana mamita angapo kuya kwake. Pengwini inkakumba una m'zitosi zoumazo n'kuikiramo mazira, motetezeka ku dzuwa ndi kwa adani. M'zaka za m'ma 1840 amalonda a ku Britain anazindikira kuti zitosizo ndi feteleza wamphamvu. Zombo mazanamazana zinakhamukira ku chilumba cha Ichaboe, ku Namibia ya lero, n'kupala mpaka kufika pamwala, ndipo zilumba zina zinatsatira. Mazira nawonso ankatoledwa n'kumagulitsidwa ngati ndiwo mpaka m'zaka za m'ma 1960. Lero mbalame zambiri zimaikira poyera, dzuwa likakula zimathawa chisa, ndipo anthu akuchita kuziikira timabokosi toti ziziswera. Ndinafuna kukwiya nawo amalondawo, koma ndinakumbukira bambo anga atagona pamzere kudikira matumba awiri a feteleza wotsika mtengo. Zitati zitosi zotere zapezeka paphiri lina ku Mchinji kuno, ndani wa ife akanafunsa kuti mukugona mbalame yanji?

Mu Malichi 2025, mabungwe a BirdLife South Africa ndi SANCCOB atatengera boma kukhoti, khoti lalikulu ku Pretoria linavomereza mgwirizano wotseka usodzi wa tinsombati kwa zaka 10 mozungulira malo asanu ndi limodzi amene pengwini zimaswerana, kuphatikizapo Robben Island, kumene Nelson Mandela anamangidwa. Ine ndikuti anachita bwino, ndipo sindikuona ngati nzeru ya azungu. Ku chilumba cha Mbenji, ku Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, popanda loya kapena woweruza. Pengwini yolera ana singapite kutali kukasaka, iyenera kubwerera kuchisa anawo asanafe ndi njala. Chombo chili ndi injini, chingathe kukasodza kwina. Woyenera kupatuka ndi amene ali ndi injiniyo.

Amalume sanagwirizane nane kwenikweni, ndipo mawu awo sindinawaiwale. Anati, "Mphwanga, mbalamezi zili ndi alonda, zili ndi maloya, zili ndi chipatala chake. Ine ndikadwala ndimayamba ndaganiza za mapepala." Za chipatalazo n'zoona. Mu Juni 2000 chombo chotchedwa Treasure chitamira pafupi ndi Cape Town, mafuta anadetsa pengwini pafupifupi 19,000, ndipo anthu ongodzipereka zikwizikwi anazitsuka imodziimodzi n'kumazidyetsa nsomba pamanja. Zina zochuluka chimodzimodzi, zimene mafuta anali asanazikhudze, anazinyamula pa malole kukazisiya ku Port Elizabeth kuti pamene zikusambira kubwerera kwawo, gombe likhale litayeretsedwa. Amalume anawonjezera kuti m'mafakitale a nsomba mumagwira ntchito anthu osauka ngati iwo, ndipo nsomba zikaletsedwa woyamba kuchotsedwa ntchito sakhala mwini chombo.

Ndinalemba yankho lalitali lofotokoza kuti tinsombato tikatheratu fakitale nayo itsekedwa, ndiponso kuti alendo odzaona pengwini ndi amene amadzaza nyumba zimene iwo amatchetcha kapinga. Ndikukhulupirirabe kuti mfundozo n'zoona. Koma ndinafufuta osatumiza. Fizi yanga ya semesita imeneyo inachokera m'manja mwa amalume omwewo, ndipo amayi anali atandinong'oneza kuti miyezi imene amalume amatumiza ndalama zambiri kumudzi, iwo kumeneko amadya kamodzi patsiku. Sanadandaulepo. Pa zithunzi zimene amatumiza, ndi kolala ya malaya yokha imene imaulula.

Agogo mpaka lero amandiuza kuti ndiwaikire kavidiyo koyamba kaja. Adzukulu ang'onoang'ono amasonkhana, bulu wa m'nyanja akalira onse amagwa nacho chiseko. Agogo saseka kwambiri. Amadikira chakumapeto, pamene foni ikugwedera ndipo mwana wawo akumveka akunena Chichewa kwa mbalame ya ku Cape Town kuti, "Choka iwe, ukundipondera maluwa." Pakafika pamenepo amati, "Bwezanso."