Kale Mngerezi Naye Ankati “Lako”

Ambiri a ife tinakula tikumva kuti Chingerezi n’chopanda ulemu, chifukwa mfumu, apongozi ndi khanda la m’chikuta onse chimangowatchula kuti you. Inenso ndinkatero, mpaka posachedwapa pamene ndinayamba kutsata mapazi a kamawu kena ka malembo asanu, thine. Kanditenga mtima kamawuka, ndipo aliyense wondichezera masiku ano sachoka ndisanamufotokozere.

Thine ndi “lako”, “chako”, “wako”, kunena za munthu mmodzi amene ukumuyang’ana m’maso. Kankagwira ntchito ziwiri. Pena kankatsogolera dzina ngati mfotokozi waumwini, pena kankaima pakokha ngati mlowam’malo, monga ife timanenera kuti “lako ndi ili”. Abale ake ndi thou ndi thee, amene ali “iwe”, komanso thy. Tsidya linalo kunali ye, you ndi your, onena za anthu ambiri. Ndiye kuti you wa lero uja ndi “inu”! Mngerezi anataya “iwe” wake, n’kutsala akuti “inu” kwa aliyense, ngakhale kwa mwana woyamwa.

Zaka zoposa 1,000 zapitazo, anthu a ku England ankalemba kamawuka kuti þīn. Lembo loyambiriralo amalitcha thorn; m’Chingerezi linafa, koma ku Iceland akulilembabe. Ajeremani nawo mpaka lero amati dein, ndipo ukangomva umadziwa kuti awiriwa ndi a mimba imodzi. Chinanso chimene chinandisangalatsa n’chakuti Chingerezi cha nthawi imeneyo chinali ndi mawu apadera a anthu awiri okha: git, “inu awiri”, ndi incer, “cha inu awiri”. Taganizani kukhala ndi mawu oyankhulira banja latsopano, kapena mapasa, osaphatikizamo wachitatu! Amenewo ndiwo anayamba kuzimirira, cha m’zaka za m’ma 1200.

Cha m’nthawi yomweyo thine anabereka thy. Pakamwa pa anthu, n wakumapetoyo ankagwa dzina lotsatira likayamba ndi lembo lopanda liwu, koma ankatsala likayamba ndi lembo la liwu, kawirikawirinso likayamba ndi h. N’chimodzimodzi ndi a ndi an amene tinaloweza ku pulayimale, ndiponso my ndi mine anayenda njira yomweyo. N ameneyu anali womata, moti nthawi zina ankasiya mwini wake n’kukakamira dzina loyandikana nalo. Mayina oitanirana pakhomo monga Ned, Nell ndi Nan amati anabadwa choncho: munthu ankati mine Ed, “Ed wanga”, khutu n’kumva Ned.

Nanga “iwe” anathera kuti? Mu 1066 William wa ku Normandy analanda England, ndipo kwa zaka zambiri Chifalansa chinali chinenero cha kunyumba ya mfumu ndi cha olemera. Afalansa ankalemekeza munthu mmodzi pomutchula ngati ambiri, monga timachitira ife, ndipo pofika m’zaka za m’ma 1200 Angerezi anali atayamba kutengera. Poyamba you anali wa akuluakulu okha. Kenako anthu a m’tauni, poopa kuoneka amwano kwa munthu amene sakumudziwa bwino, anayamba kumugwiritsa ntchito ponseponse, ngati mbale za alendo zija zimene zimayamba ndi kutuluka pa Khirisimasi pokha, pomaliza n’kumadyeredwa tsiku ndi tsiku zakale zija zitaiwalika. Thou ndi thine anatsalira mwana, wantchito, wokondedwa wapamtima, Mulungu, ndi mdani amene ukufuna kumunyoza.

Ndinaziona ndi maso anga m’buku la mwana wa mlongo wanga, amene akuwerenga sewero la Macbeth pokonzekera mayeso a Fomu 4. Tinatsegula pamene Lady Macbeth wangomaliza kuwerenga kalata ya mwamuna wake. Ali yekha, ndipo akuyankhula ndi mwamunayo mumtima: zonse ndi thou, thee, thy, ndipo thine waima pafupi ndi mawu otanthauza khutu, khutu limene mayiyu akufuna kuthiramo maganizo ake. Mwamuna uja atalowa, moni akumupatsabe ndi thy. Koma atangoyamba kumulangiza za mmene aonekere pamaso pa mfumu imene akufuna kuipha, mayiyu akusintha n’kuyamba your. Mtsikanayo anayang’ana tsambalo kanthawi, kenako anati, “Amalume, ndiye kuti apa wasiya zachikondi, wayamba zantchito?” Palibe anamuphunzitsa. Anazimva chifukwa kwathu mkazi akasintha kuchoka pa “iwe” kupita pa “inu”, kapena kuchoka pa “inu” kupita pa “iwe”, nyumba yonse imadziwa kuti pali nkhani.

Kamawu kokoma chonchi kankathanso kubaya. M’sewero lina la Shakespeare, Twelfth Night, Sir Toby akulangiza mnzake amene akulemba kalata yoputa ndewu kuti aponyemo thou kangapo, kuti wolandirayo apse mtima. Si m’masewero mokha. Mu 1603, pozenga mlandu wa Sir Walter Raleigh woukira mfumu ku Winchester, loya wamkulu wa boma Edward Coke anamutchula dala kuti thou pamaso pa bwalo lonse, n’kunenetsa kuti akutero chifukwa akumuona ngati wachiwembu.

Ndiye panabwera a mpingo wa Quaker. Mtsogoleri wawo George Fox ankaphunzitsa kuti anthu onse ndi ofanana pamaso pa Mulungu, choncho munthu mmodzi azitchulidwa ngati mmodzi, kaya ndi woweruza kaya ndi wolima. Mu 1660 iye ndi anzake anatulutsa buku lathunthu loikira kumbuyo zimenezi, lodzaza ndi zitsanzo za m’zinenero zambirimbiri. Anavutika nazo. Mnyamata wina wa mpingowu, Thomas Ellwood, amene pambuyo pake ankawerengera mabuku mlakatuli wosaona John Milton, anamenyedwa ndi bambo ake omubereka chifukwa chokana kuwavulira chipewa, ndipo thee ndi thou wake ankangowonjezera ukali wawo. Nkhani imeneyi imandigwira pawiri. Ine lilime lingandikanike kunena “iwe” kwa bambo anga, ndipo ululu wa mkulu uja ndikuumva. Komabe kulimba mtima kwa mnyamatayo, wololera makofi chifukwa cha chimene ankakhulupirira, sindingakupeputse.

Chimene chinasunga thine kuti tifike pomumva ife ndi Baibulo. William Tyndale, amene Chipangano Chatsopano chake chinasindikizidwa mu 1526, ankatsata Chigiriki: mmodzi ndi thou, ambiri ndi ye, posayang’ana udindo. Baibulo la King James la 1611 linatsata momwemo. Phindu lake limaoneka pa Luka 22, ndime 31 ndi 32, pamene Yesu akuchenjeza Petro kuti Satana wapempha kupeta ophunzira ngati tirigu. Opetedwawo ndi you, onse pamodzi, koma wopemphereredwayo ndi thee, Petro payekha. Chingerezi cha lero chili ndi you mmodzi yekha, ndiye omasulira amachita kuwonjezera mawu kuti kusiyanako kumveke.

Apa nkhani inatembenuka modabwitsa. Anthu atasiya kunena thou pamsika, anatsala akungomumva m’tchalitchi, motero anayamba kumuyesa mawu aulemu wopambana. Baibulo la Revised Standard Version la 1952 linachotsa thou ndi thine pena ponse, n’kuwasiya poyankhula ndi Mulungu pokha. Ife timapemphera ndi “Inu”, ndipo n’koyenera m’chinenero chathu. Koma zimandikhudza kudziwa kuti mlimi wa ku England wa zaka mazana angapo zapitazo ankaitana Mlengi ndi mawu omwewo amene ankaitanira mwana wake, ndipo ponena m’Pemphero la Ambuye kuti ufumu ndi thine ankanena kuti “ndi wako”.

Sikuti kamawuka kanafa konse. Kumpoto kwa England, ku Yorkshire ndi Lancashire, achikulire ena amanenabe tha ndi thee kwa anzawo apamtima. Filimu ya Kes ya 1969, yojambulidwa ku Barnsley, ndi yodzaza ndi mayankhulidwe amenewa. Ku zilumba za Shetland amati du, dy ndi dine kwa wapafupi, you n’kusungira mlendo ndi wamkulu. Kwinaku anthu akuyesa kutseka mpata umene unatsala: kum’mwera kwa America amati y’all, ku Ireland yous, pofuna kusiyanitsanso mmodzi ndi ambiri.

Aphunzitsi a Chingerezi m’sukulu zathu, musamalumphe timawu timeneti. Mwana wa ku London amachita kuphunzira kusiyana kwa thou ndi you m’buku, pamene wa ku Ntchisi amadzuka nako m’kamwa. Ingomuuzani kuti thou ndi “iwe”, thine ndi “lako”, you ndi “inu”, kenako mumupatse sewero la Macbeth lija awerenge yekha.