ULENDO WA KU BROSELEY, KWAO KWA AKALIWO AATALI

Pamene ndinali mwana kumudzi kwathu m'boma la Katete, agogo anga aamuna anali ndi kaliwo wa dongo amene mpini wace unali bango lalitali ngati mkono wa munthu. Dzuwa likapendeka iwo anali kukhala patsinde pa mtengo wa mango, natuma mmodzi wa ife kukapala khala la moto, ndipo milandu ya pamudzi inali kukambidwa kufikira fodya atatha m'kaliwomo. Atamwalira agogowo, palibe amene anasamala za kaliwo uja, ndipo lero palibe mmodzi wa ife adziwa kumene anathera.

Ndinakumbukira zimenezi m'mwezi wa August 2019, pamene ndinakacezera mphwanga mu mzinda wa Birmingham ku England. Iye atamva nkhani ya agogo, anandiuza kuti ku dera la Shropshire kuli katauni kochedwa Broseley, kamene kanachuka pa nchito youmba akaliwo aatali, ndipo tinapangana kukaonako.

Tinakwera sitima ya pamtunda kufika ku Telford, ndipo kucokera pamenepo basi inatitsitsira ku Ironbridge, m'cigwa ca mtsinje wa Severn. Pamalopa pali mlatho wa citsulo umene anamanga Abraham Darby III mu 1779, ndipo cigwa conseco cinalembedwa ndi UNESCO mu 1986 monga cuma ca dziko lonse lapansi. Magalimoto analeka kupita pamlathowo mu 1934, motero tinaoloka ndi miyendo, ndi kuyamba kukwera citunda ca kutsidya. Njira zace ndi zopapatiza ndi zokhotakhota, zodzera pakati pa tinyumba ta njerwa tofiira, ndipo pofika pamwamba ndinali kupuma ngati munthu wothawa njati.

Anthu a ku Broseley anayamba kuumba akaliwo m'zaka za m'ma 1600, fodya atangofika kumene ku England kucokera ku America. Pansi pa dziko lao panali dongo ndi malasha, ndiye zinthu ziwiri zofunika pa nchitoyi, ngakhale kuti pambuyo pace dongo loyera kwambiri anali kuliitanitsa ku Devon ndi Cornwall. Mbiri yao inakula kotero kuti m'nyumba zomweramo mowa dzina lakuti Broseley linasanduka dzina la kaliwo amene. Kaliwo wamtali anali kuchedwa churchwarden, ndiko kunena kapitao wa chalichi, ndipo ena mwa iwo anali kupitirira theka la mita m'litali.

Fakitale imene tinakaona inamangidwa ndi Rowland Smitheman mu 1881, ndipo mu 1923 inalowa m'manja mwa banja la Southorn, limene linali litaumba akaliwo kwa zaka zana. Nchito inaima kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Anchito anaturuka, citseko cinatsekedwa, ndipo zipangizo zinakhala momwemo kufikira malowo atatsegulidwa mu 1996 monga nyumba yosungiramo zinthu zakale. Pabwalo paimirira ng'anjo ya njerwa yooneka ngati botolo lalikuru. M'kati mwa nyumba muli mabenchi, zikombole za citsulo ndi mapepala a mu ofesi, zonse zokhala ngati eni ace angopita kukadya ca masana.

Munthu wotionetsa malo anatifotokozera kaumbidwe kace. Woumba anali kufyokota dongo ndi manja kufikira litatalika ngati cingwe cokhala ndi mutu kumapeto. Kenaka anali kulowetsa waya pakati pace, kucokera kunsonga kufika kumutu, ndipo apa ndi pamene panali luso lonse, pakuti waya akangopatuka pang'ono anali kuboola pambali, kaliwo n'kuonongeka. Dongolo linali kuikidwa m'cikombole codzola mafuta ndi kupanikizidwa, ndipo kacitsulo kena kanali kukumba kamphika kothiramo fodya. Akauma, akazi anali kuwapala ndi kuwasalaza, kenaka anali kulongedwa m'miphika ya dongo ndi kuochedwa m'ng'anjo. Anali kuwawerenga m'magulu a 144.

Nanga munthu asankha bwanji kaliwo wotere? Coyamba ndi kuuzira mpweya kunsonga: ngati mpweya ubvutika kudutsa, kaliwoyo adzakutopetsani masaya. Caciwiri ndi kuyang'ana kamphikako pa kuwala, kuti muone ngati palibe mng'alu. Cacitatu ndi nsonga yoika pakamwa, imene iyenera kukhala yopakidwa phula kapena utoto wosalala, cifukwa dongo louma limamatirira ku milomo. Cotsiriza ndi utali. Mpini ukatalika utsi ufika pakamwa utazizirako, ndiponso sulowa m'maso, n'cifukwa cace Ajeremani amachula kaliwo wamtali kuti Lesepfeife, ndiye kuti kaliwo wowerengera mabuku. Koma utali womwewo ndi umene umuthyola msanga.

Kakokedwe kace nakonso kali ndi mwambo. Fodya wa pansi athiridwa mosatsendera, wa pamwamba atsenderedwa pang'ono, ndipo wokoka akoka pang'onopang'ono. Kamphika ka dongo katentha kwambiri, motero dzanja ligwira ku mpini. Mano sangathe kumunyamula, m'thumba salowa, ndipo munthu sangalime kapena kupalasa njinga ali naye pakamwa. Akada ndi mafuta a fodya, akale anali kumuika pa makala a moto kufikira atayeranso. Kaliwo wamtali afuna munthu wokhala pansi, amene ali ndi nthawi yomvetsera mnzace. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndinazindikira pamenepo cifukwa cace milandu ya pansi pa mango uja inali kutha bwino.

Cimene cinapha nchito ya ku Broseley ndi cangu ca masiku atsopano. M'zaka za m'ma 1850 anthu a ku Saint-Claude ku France anayamba kusema akaliwo a mtengo wolimba, osasweka akagwa. Mu 1881, caka comwe fakitale ija inamangidwa, James Bonsack wa ku America analandira cikalata ca umwini wa makina opangira ndudu zikwizikwi pa tsiku. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 inazoloweza asilikali ndudu, imene munthu akoka ali ciriri, ndipo akaliwo a dongo anayamba kusowa ogula.

Awerengi asaganize kuti ndiri kuwaitanira ku fodya. Mu 1950 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anasonyeza kuti kukoka fodya kubweretsa khansa ya m'mapapo, ndipo wokoka kaliwo ali pa ngozi ya khansa ya milomo, ya m'kamwa ndi ya pakhosi. Mpini wautali uziziritsa utsi, koma ululu wace sucoka. Agogo anga omwe anatsokomola zaka zao zonse zotsiriza.

Komabe ndinagula kaliwo mmodzi woyera, ndipo pobwerera ku Lusaka ndinamusunga pamiyendo m'ndege monga khanda. Sindinathiremo fodya ndipo sindidzathiramo. Ali pa khoma kuti adzukulu akafunsa ndiwauze za agogo ao.

Cimene cinandiwawa mtima ndi ici: anthu a ku Broseley anasunga ngakhale waya woboolera, pamene ife tinataya kaliwo wathunthu. Dziko lathu nalo linali ndi amisiri ace. Aila a ku Namwala anali kuumba akaliwo okhala ndi zifanizo za nyama ndi mipini yaitali ya bango, ndipo azimai a Citonga a m'cigwa ca Gwembe adziwika ndi akaliwo ao a cipanda. Mwambi uti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Ngati m'nyumba mwanu mukali kaliwo wa makolo, musamusiye pa cala. Musungeni, funsani okalamba dzina la amene anamuumba, ndipo ngati mulibe pomusungira, nyumba za zinthu zakale za ku Livingstone, Choma ndi Mbala zinamangidwira nchito yomweyo.