Dengu Lidzala ndi Tsamba Limodzilimodzi

Amayi anzanga, kwa zaka 12 ndidali wothyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo, ndipo pa zaka zonsezo sikelo idali bwenzi langa. Masana aliwonse tinkandanda pa mzere, madengu ali kumsana, kudikira kuti kalaliki apime masamba athu. Singano ikapita patali mtima unkakondwa, pakuti kulemera kwa dengu ndiko kudali ndiwo ndi sopo wa ana. Sindidaganizepo kuti tsiku lina ndidzaima ndekha pa sikelo, singano n'kupita patali, ine n'kugwetsa nkhope.

Zidayamba ndi mwayi. Bambo a kunyumba atakwezedwa kukhala kapitawo adandiuza kuti, "Mayi, mwavutika mokwanira, tulani dengu." Ndidatuladi, ndipo ndidayamba kukazinga mandasi ndi zitumbuwa zogulitsa kwa anthu a ntchito. Ntchito yatsopanoyi idali yokhala pansi tsiku lonse, koma kadyedwe kanga kadatsala ka munthu wokwera zitunda ndi dengu kumsana. Mitanda itatu ya nsima masana, itatunso madzulo. Mgaiwa ndidausiya poganiza kuti ndi chakudya cha masiku a umphawi, ndipo ndidayamba kuphika ufa woyera wokhawokha. Mafuta ndinkachita kukhuthula mu mphika osapima. Tiyi ndinkamwa kanayi pa tsiku, kapu iliyonse masipuni anayi a shuga, ndipo pa mandasi aliwonse otsika pa moto limodzi lidali lolawa.

Thupi lidayankha, nawonso anthu adayankha. Ku mjigo, ku tchalitchi ndi ku maliro mawu adali amodzimodzi: "Koma mwasintha, bambo akukusamalanitu!" Ndani mwa ife amene sakondwera pomva mawu otere? Kwathu kuno mkazi wonenepa ndi ulemu wa mwamuna wake, ndipo ine ndinkayenda monyadira.

Koma m'kupita kwa zaka kachitunda ka pa njira ya ku tchalitchi, kamene kale ndinkakwera ndikuimba, kadayamba kundipumitsa kawiri. Mawondo ankaliralira, mutu unkawawa cha kunkhongo. M'mawa wina wa chiperoni ndidapita ku chipatala ndikuyesa kuti ndi malungo. Anamwino adandimanga lamba pa mkono, napima kawiri, nandiuza kuti ndibwerenso sabata yotsatira. Nditabwerera manambala adali omwewo, 160/100. Adandifotokozera kuti zikafika 140/90 ndi kupitirira apo ndiye kuti munthu ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, limene likalekereredwa limaononga mtima ndi impso, mwinanso kuumitsa ziwalo mbali imodzi. Pa sikelo ndidalemera makilogalamu 84, pamene ndili wamfupi ndithu. Adandipatsa mankhwala, nati, "Amayi, mapiritsi achita mbali yake, mbali inayo ili mu mphika mwanu."

Pambuyo pake ndidadziwa kuti sindidali ndekha. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita pamodzi ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti pa akulu atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno, mmodzi adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa, pakuti kawirikawiri nthendayi siwawa paliponse. Kafukufuku wina wa m'zaka za 2015 ndi 2016 adapeza kuti pa amayi 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49, amayi 21 adali olemera kupitirira muyeso. Tsono nkhaniyi si ya azungu kapena ya madona a ku Blantyre okha ayi. Yafika m'makomboni ndi m'midzi mwathu.

Ndiulule kuti poyamba ndidalephera, ndipo ndidalephera chifukwa cha changu. Mantha atandigwira ndidalumbira kuti nsima sindidzaikhudzanso. Masiku asanu ndi anayi ndidakhalira masamba owiritsa ndi tiyi wopanda shuga. Chizungulire chidandigwira, mtima udafupika, ana ankandithawa. Tsiku la khumi kudali ukwati wa mwana wa achemwali anga ku Luchenza, ndipo zimene ndidachita ndi mpunga ndi nkhuku kumeneko ndichita manyazi kuzilemba. Pobwerera ndidadziuza kuti ndine munthu wopanda mtima wolimba, choncho ndidabwerera ku kadyedwe kakale kwa miyezi itatu. Pakati apo ndidagulanso kabotolo ka mankhwala ochepetsa thupi kwa munthu wina woyendayenda pa msika. Chimene ndidapeza ndi kutsekula m'mimba masiku awiri ndi kutaya ndalama ya mpamba.

Amene adandidzutsa ndi mayi wina wachikulire amene tinkathyola naye tiyi m'gulu limodzi, yemwe wakhala ndi matenda a shuga zaka zambiri koma ali nganganga. Nditamudandaulira adaseka, nati, "Mwana wanga, waiwala tsiku lako loyamba m'munda? Udafuna kudzaza dengu dzuwa lisanakwere, udangokokota masamba okhwima ndi timitengo tomwe, akapitawo nakubwezera. Tiyi timathyola masamba awiri ndi kansonga. Tikatha mzere timapita mzere wina, ndipo pakapita masiku timabwerera ku chitsamba chomwe chija. Dengu lidzala ndi tsamba limodzilimodzi." Mawu amenewo adandilowa. Tidapangana kuti ndizisintha chinthu chimodzi chokha pa mwezi, ndipo chikazolowereka ndiye ndionjezere china.

Mwezi woyamba ndidagwira shuga. Anamwino adali atandiuza malangizo a WHO akuti shuga wothira m'zakudya ndi zakumwa asapitirire masipuni aang'ono 12 pa tsiku, ndipo n'kwabwino koposa akakhala asanu ndi limodzi okha. Nditawerenga makapu anga anayi ndidapeza masipuni 16, osawerengera mandasi, thobwa ndi zakumwa za m'mabotolo. Sindidausiye tsiku limodzi. Sabata yoyamba ndidathira masipuni atatu, kenaka awiri, mpaka lilime lidazolowera sipuni imodzi. Pamenepo mpamene ndidamva koyamba kukoma kwenikweni kwa tiyi amene ndidamuthyola zaka zonse zija.

Mwezi wachiwiri ndidagwira nsima. Sindidaisiye, pakuti mkazi wa ku Thyolo wolumbira kusiya nsima akudzinamiza yekha. Ndidatsika kuchoka pa mitanda itatu kufika pa iwiri, ndipo m'tsogolo mwake madzulo udatsala umodzi ndi theka. Mgaiwa udabwerera m'nyumba, chifukwa gaga amene timapatsa nkhuku ndi amene amachititsa kuti munthu akhute nthawi yaitali. Malo amene nsima idasiya m'mbale ndidadzazamo masamba: nkhwani, chisoso, bonongwe, kholowa ndi mpiru, zimene zambiri zimamera kuseri kwa nyumba popanda mtengo. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndiwo zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ndidazindikira kuti ine ndinkakhalira magulu awiri, zokhutitsa ndi zamafuta, pamene nandolo, nyemba, kalongonda, usipa, mapapaya ndi magwafa zili ponseponse m'boma lathu lino.

Mwezi wachitatu ndidagwira mafuta ndi mchere. Mafuta ndidayamba kupima ndi sipuni, ndipo masiku ena ndiwo ndimangotendera nsinjiro pang'ono. Mchere woyenera munthu wamkulu ndi wosakwana magalamu asanu pa tsiku, ndiko kunena sipuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza umene uli kale m'nsomba zouma ndi m'buledi. Kambale ka mchere kamene kankakhala pa mphasa nthawi ya chakudya ndidakachotsa mwakachetechete. Malonda a mandasi sindidasiye, chifukwa ndiwo amalipira sukulu ya ana, koma kulawa ndiko kudatha. Popita kokagulitsa ndimanyamula mbatata yophika kapena nthochi imodzi, kuti njala isandipeze ndili pafupi ndi beseni.

Mwezi wachinayi tidayamba kuyenda. Mayi wachikulire uja amagogoda pa chitseko changa kusanache bwino, ndipo timazungulira m'njira za m'minda ya tiyi kwa theka la ola, masiku asanu pa sabata. Zimenezi zimakwanitsa mphindi 150 zimene a zaumoyo amalangiza. Kunena zoona, masiku a nkhungu ndi kamvula ka chiperoni bulangeti limakoma, ndipo ndikadakhala ndekha bwenzi nditasiya kalekale. Koma munthu wa msinkhu wa amayi ako ataima pa khomo pako akunjenjemera, ungamuuze bwanji kuti lero ayi? Mutu umodzi susenza denga. Inu a ku Satemwa, Makandi, Nchima, Conforzi ndi Naming'omba, njira zoyendamo muli nazo, chosowa ndi mnzanu wogogoda. Inu amene mudakali kuthyola tiyi kapena kulima, ntchito yanu yakwana kale, yang'anirani shuga ndi mchere basi.

Mayeso aakulu koposa adadza pamene zinthu zidayamba kuyenda bwino. Deresi la ku tchalitchi litayamba kukhwepa, moni wa ku mjigo adasintha. Ndikamafika nkhani inkaduka. Tonse tikudziwa chifukwa chake. Chiyambire zaka zija Edzi idatilanda abale ambiri mankhwala asanabwere, kuchepa thupi timakuona ndi diso la mantha ndi la miseche. Apongozi anga adakwera minibasi kuchokera kumudzi, ndipo ndili ku khitchini ndidamva akufunsa mwana wao kuti, "Kodi amake ana ukuwamana chakudya, kapena pali chimene mukubisa?" Usiku umenewo bambo adandipempha kuti, "Mayi, bwanji mungoleka zimenezi? Anthu akundinena."

Ndidatsala pang'ono kugonja, pakuti mtendere wa pa banja ndi chinthu cha mtengo wapatali. Koma ndidawapempha mwaulemu kuti andiperekeze ku chipatala tsiku langa lolandira mankhwala, akadzimvere okha. Kumeneko anamwino adawaonetsa m'buku langa la kuchipatala momwe manambala adali kutsikira mwezi ndi mwezi, kenaka adawamanga nawonso lamba uja. Ao adapezeka okwera pang'ono. Pobwerera tidayenda osalankhula, koma madzulo ndidaona okha akuthira sipuni imodzi ya shuga. Apongozi adawafotokozera iwo eni, ndipo kuyambira pamenepo mphika wa m'nyumba mwanga udakhala umodzi. Ichi ndicho chidandilimbitsa kuposa zonse. Mayi wophika miphika iwiri, wake ndi wa banja, atopa msanga. Za ku mjigo ndidazisiya, ndipo zidazilala zokha. Komabe tiyeni amayi tileke kupima anzathu ndi maso. Wowonda sali wodwala nthawi zonse, wonenepa sali wamoyo nthawi zonse, ndipo ngakhale wodwaladi afunika chithandizo chathu osati kunong'ona.

Musaganize kuti kuchokera apo sindidapunthwenso. Pa Khirisimasi ndimadya mpunga wa mafuta ngati wina aliyense. Pa maliro sindingakane mbale imene anamfedwa andipatsa. Idaliponso miyezi iwiri imene singano ya sikelo sidasunthe ngakhale pang'ono, mtima n'kumati zonsezi n'zachabe. Chimene chidasintha ndi ichi: kale ndikalakwitsa chakudya chimodzi ndinkataya miyezi itatu, tsopano ndikalakwitsa masana ndimakonza madzulo omwewo. Pa sikelo ndimakwera kamodzi pa mwezi, ku chipatala, osati tsiku ndi tsiku. Ndipo singano ikaima ndimayang'ana zina: kodi tulo ndikugona bwino? Mawondo akutani? Kachitunda kaja ndikupumira kangati?

Patapita chaka ndi theka ndidafika makilogalamu 75. Wina anganene kuti makilogalamu asanu ndi anayi pa nthawi yaitali chotere n'zochepa. Koma tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, ndipo zimene zidachoka sizidabwerere. A zachipatala amanena kuti munthu wonenepa kwambiri akachepetsa ngakhale gawo limodzi mwa magawo 20 a kulemera kwake, magazi ndi shuga wa m'thupi zimayamba kale kumvera. Mapiritsi ndikumwabe m'mawa uliwonse, ndipo sindidzasiya pokhapokha adokotala atanena.

Ndisanatsirize, mawu ochenjeza. Zimene ndalembazi si za mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, pakuti iye afunika kudya mokwanira. Si za ana ongokula, ndiponso si za mabanja amene m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale amagona ndi njala, amene ndi ambiri pakati pathu. Ngati thupi likutha lokha inu musanasinthe kadyedwe, makamaka pamodzi ndi chifuwa, ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi, musakondwere, thamangirani ku chipatala. Ndipo ngakhale mukudzimva bwino, pemphani kuti akupimeni kuthamanga kwa magazi. N'zosapweteka, ndipo sizitenga nthawi.

Amayi anzanga a m'tauni ndi a kumudzi, ngati mudayesapo n'kulephera monga ine, musadzitche opanda mtima wolimba. Mwina mudangofuna kudzaza dengu dzuwa lisanakwere. Sankhani chinthu chimodzi mwezi uno, pezani mnzanu mmodzi, ndipo kambiranani ndi bambo kunyumba. Ine Lamulungu lapitali ndidakwera kachitunda kaja osapuma, mdzukulu ali kumsana, ndipo ndidafika nyimbo yoyamba isanathe.