Ntchito ili pa tayala

Kuno ku Mua dzuwa lafika poswa mtengo, ndiye tikaweruka kosoosa timakhala pansi pa mango n'kumasemera adzukulu tigalimoto.

Kusema kuno si kwachilendo. Chiyambire 1976 pamene Bambo Claude Boucher anatsegula KuNgoni pa mishoni paja, anthu ambiri agwira tchizulo. Ine ndine wakhasu chabe, koma pa nkhani ya tayala mundimvere.

Thupi la galimoto aliyense asema. Ntchito ili pa matayala anayi aja. Anyamata ambiri amangodula nthambi ngati akudula chinangwa, ati poti yazungulira kale. Ayi ndithu. Nthambi yotero ikamauma imang'aluka kuchokera pakati, posakhalitsa tayala layasama kukamwa. Pamafunika thabwa louma bwino. Malaina ndi ofewa, savuta mpeni. Mlombwa ndiye weniweni, kungoti masiku ano kuti muupeze mukwera phiri mpaka miyendo kuwawa, macheka ndi makala zinatha nawo.

Mukhome kamsomali pathabwapo, mumange kachingwe ndi pensulo, muzungulize. Pamene panali msomali ndi pomwe mubowole, ndi sipoko ya njinga yofiira pamoto. Mukaphonya pang'ono pokha galimoto imayenda motsimphina ngati mbuzi yothyoka mwendo, ndipo mwana sanyengeka, angoitaya kuseri kwa nkhokwe. Mukawasema onse anayi, muwatunge pa waya mmodzi n'kuwapala pamodzi ndi chibenthu cha botolo kuti alingane. Apa ndi pomwe pamathera tsiku. Bowo lisathine, tayala likana kuzungulira. Lisakulenso, liziyenda uku likugwedeza mutu.

Nchifukwa chake zimandiwawa ndikamaona ena a inu mwaima pa msewu wa Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, pamene anyamata amagulitsa magalimoto ndi mathirakitala a matabwa. Mumanenerera mpaka mnyamata kugwetsa nkhope, chonsecho ya pulasitiki ya m'tauni mumalipira osafunsa, n'kuthyoka Khirisimasi isanathe. Mukaima, ikani galimotoyo pansi, muikankhe. Ikayenda mowongoka, matayala onse anayi akugunda dothi, mupatseni ndalama imene wanenayo.

Amene mukubwera mu Disembala, munditengereko sandipepa. Mabotolo andimaliza zala.